Mzati wa Netiweki pa Chulu cha Apongozi

Anthu amati ine ndikamafotokoza nkhani ndimathira mchere wambiri. Amandinamizira. Mchere ndinauleka kalekale a chipatala atandiletsa, ndipo zonse ndilembe panozi ndinaziona ndi maso angawa. Mboni zina zidakali moyo, mukhoza kukazifunsa, kungoti zambiri n'zoiwalaiwala.

Chaka chimene ndikunenacho njala sinabwere ngati mlendo wodutsa iyayi, inabwera ndi mphasa yake. Mvula yooneka inagwa koyambirira kokha. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, chinayang'ana kumwamba, n'kuganiza zongosiya. Makoswe a m'nkhokwe mwathu anasamuka masanasana ali pa mzere, ndipo wotsiriza anaima pakhomo n'kundiyang'ana momwe amamuyang'anira munthu amene wakhumudwitsa abale. Nkhuku zinasiya kuthawa kabawi, zinkangomuyang'ana kuti ngati waonapo nyama apa, yesa mwayi wako. Galu wa oyandikana nawo ankauwa m'mawa mokha, kwina konseko wakuba akadutsa ankangopukusa mutu. Apa sindikukokomeza. Ndikanafuna kukokomeza ndikananena za mbuzi.

Ine kwathu ndi ku Ulongwe, koma ndinakwatira cha ku Ngokwe, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko ndinapita kukakhala kwa akazi anga. Amene simunakhalepo pa chikamwini mumvetse ichi: munda umalima ndiwe koma si wako, nyumba umamanga ndiwe koma si yako. Chako ndi chokhacho chimene ungathe kunyamula tsiku limene adzakuikire katundu panja. Wailesi, njinga, mabuluku. Sindikudandaula. Munthu wopanda munda amagona tulo tabwino.

Nzeru ya netiweki ndinaitola m'ngalande. Pa njala ina ya m'mbuyomo, ndisanakwatire, ndinagwirako ganyu yokumba m'mbali mwa msewu wa tala pakati pa Balaka ndi Liwonde. Tonse tinkayesa kuti ndi ya madzi, moti amayi ena ankabwera kudzatifunsa kuti mpopi wawo ukhala pati. Kenaka kunafika chingwe chokulungidwa pa chigudumu chachikulu ngati nyumba ya mphunzitsi. Kapitawo wathu anatiuza kuti m'chingwemo muzidzadutsa intaneti, ndiponso kuti chingwecho n'cha kampani imodzi yokha. Makampani enawo, ngakhale amene amalimbana nayo pa wailesi tsiku ndi tsiku, azidzabwera kudzaoda pomwepo n'kukagulitsa kwa anthu pang'onopang'ono. Anzanga zinawadutsa. Ine ndinamva, chifukwa ndinakulira pa msika wa Ulongwe, pomwe mwini matumba a chimanga amakhala pa mthunzi, opimitsa pa timbale n'kumapsa ndi dzuwa. Ndinati mumtima, netiweki ndi chimanga basi. Pali wa nkhokwe, pali wa thumba, pali wa kambale. Ngati ungathe, usakhale wa kambale.

M'mudzi mwa akazi angamo netiweki inalipo mwa mbiri chabe. Nsanja inali kutali, kuseri kwa phiri, ndipo chimene chinkatifika ife chinali fungo lake. Malo oigwira anali amodzi okha: pamwamba pa chulu chachikulu cha m'munda mwa apongozi anga aakazi. Chulucho chinali chosongoka, pamwamba pake pokwana phazi limodzi ndi theka. Wokwerapo ankaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, foni ili m'mwamba. Ukangotsika pang'ono, foni inkagwira ya ku Mozambiki n'kuyamba kukulonjera m'Chipwitikizi.

Tsono mudzi umenewu amuna ake ambiri ali ku Joni, ndipo chaka cha njala foni ndiyo inasanduka khasu. Mayi amene mawu ake afika kwa abambo a ku Joni, sabata imeneyo utsi unkatuluka m'khitchini mwake. Vuto n'lakuti amuna a ku Joni sakhulupirira mawu wamba. Amafuna chithunzi cha nkhokwe, chithunzi cha mwana, kenaka akuoneni nkhope pa watsapu kuti atsimikize ngati mwaondadi. Zimenezi zimafuna netiweki yonenepa. Ndiye unkaona azimayi aulemu wawo, atafunda bwinobwino mpaka kumutu, akukwawa pa chulu ngati abuluzi. Mmodzi anaterereka kuchokera pamwamba, anagubuduzika mpaka m'mizere ya nandolo, foni ili kukhutu, nkhani osaidula. Pofika pansi anali akuyankhula ndi munthu wa ku Mozambiki, ndipo munthuyo anatumizadi kenakake. Ndikunama ndione tsoka.

Ndinagulitsa njinga ndi wailesi, ndinakwera minibasi ya ku Balaka, n'kukagula kabokosi kaja kamene kamakoka netiweki n'kuigawira mafoni ali pafupi. Ogulitsa ankakatcha rauta. Ndinagulanso kasola ndi batire la njinga yamoto. Pobwerako ndinapeza mlombwa wowongoka, wauwisi, kwa munthu amene ankaswa mphanje, ndinausadza nthambi zonse, n'kumangirira nsungwi yaitali kunsonga kwake.

Kunatsala chilolezo. Ine ndi apongozi anga sitiyankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire, ndipo nthawi zonse mmodziyo ndi ine. Choncho ndinatuma akazi anga kuti akandipemphere kuzika mzati pa chulu. Yankho linabwera lalifupi: azike, bola asaponde nandolo.

Ndinasalaza nsonga ya chulu, ndinakumba, ndinazika, ndinapachika kabokosi kunsonga kwa nsungwi nditakaveka chigubu choduka kuti kasapse ndi dzuwa. Tsiku lomwelo netiweki inatsika yokha kudzapeza anthu pansi. Mayi wina wachikulire atakhala pa mwala, miyendo ali tambalale, anaona nkhope ya mwana wake ali ku Joni, n'kuyamba kumukalipira za ndevu. Anamukalipira mpaka dzuwa kupendeka. Za njala anaiwala kunena, anachita kubweranso mawa lake.

Ine ndinkaoda bandulo yaikulu ya mwezi, n'kumaipimitsa. Muyezo wake unali mthunzi wa mzatiwo. Ndinaika miyala mozungulira chulu, ndipo mthunzi ukachoka pa mwala uwu kufika pa uwo, nthawi yako yatha. Pasiwedi ndinkalemba ndekha, foni nditaibisa pachifuwa, ndipo nthawi ikakwana ndinkaiuza foniyo kuti iiwale zonse. Mafoni amamvera kuposa anthu. Ndalama m'mudzimo zinali zosowa, ndiye malipiro ake anali kambale: ufa, madeya, makaka, mango, nthawi zina matemba. Ena ankati kambale kangako n'kakuya ngati chitsime. Iyayi. Kanali kambale wamba, kungoti ndinakasankha mosamala.

Ana anga atatu anayamba kudya m'mawa ndi madzulo. Chaka chimenecho imeneyi inali nkhani yoti ungaimbire nyimbo. Mzati uja ndiwo unali munda wanga, dimba langa, mbuzi zanga. Njinga inapita, wailesi inapita, ndipo ndinkadziwa bwino kuti tsiku limene kambale kadzasiye kudzaza, ana aja adzagona akuyang'ana kudenga.

M'mudzimo akamwini tinalimo angapo, koma wa nkhani ino ndi amene anakwatira achemwali aakulu a akazi anga. Tinkatchulana achimwene. Anali munthu wofatsa, wachisilamu, woyankhula ngati mawu amagula. Ntchito yawo inali yokaoda matemba ku Chiuta n'kukagulitsa m'misika pa njinga. Koma chaka chimenecho nyanja inathawa. Asodzi ankayenda mpaka kutopa asanaone madzi, mabwato anamera udzu, ndipo nsomba zimene zinatsala zinali zochepa moti zinkadziwana ndi asodzi, zikakumana nawo n'kumafunsana za kunyumba. Achimwene aja anali ndi ana ochuluka kuposa anga.

Tsiku lina anafika pa chulu atanyamula kajumbo. Anandipatsa moni wautali, wofunsa mpaka za chifuwa chimene ndinadwala chaka chinacho, kenaka anatulutsa kabokosi ngati kanga komwe. Mkati munali khadi ya kampani inayo, imene mabandulo ake ankati n'ngotsikirapo. Anapempha kuti akapachike pa mzati wanga, pansi pa kanga, ndipo pa zimene azipeza azindipatsako gawo langa tsiku lililonse.

"Achimwene," ndinatero, "ine bizinesi sindikukuletsani. Dziko ndi lalikulu ili. Kazikeni wanu."

"Dziko ndi lalikuludi," anatero iwo. "Chulu n'chimene chili chaching'ono."

Ndinakanabe. Ndinkadziwa ine zimene zimachitika pa Ulongwe munthu wachiwiri akayala chimanga pafupi ndi woyamba. Iwo sanakwiye. Anakayesa mu mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yawo, kabokosi kanayamba Chipwitikizi. Anakayesa pa denga, kanangophethira. Anazika nsungwi m'mbali mwa chulu chomwecho, koma pansipo netiweki inkafika yotsalira, yokwana kutumiza moni popanda dzina la womulandira. Akazi anga akupeta madeya anandikumbutsa kuti ana a achemwali awo nawonso ali ndi mimba. Ndinati ndikudziwa, ndimawaona, koma amene ndinawalonjeza chakudya ndi atatu awa. Iwo anapitiriza kupeta, kungoti mankhusu onse ankaulukira kumene ndinakhala ine, mphepo kulibe.

Kuyambira pamenepo achimwene anayamba kuswera pa chulu. Sankagula netiweki iyayi. Ankabwera ndi mkeka wawo wopempherera ndi birika la madzi, n'kukhala phee, kumvetsera nkhani za anthu. Nthawi ya swala ikakwana ankakwera pamwamba n'kukapanga wuzu, kusamba kuja kwa m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, patsinde penipeni pa mzati wanga. Ankati pansi pali zitosi za mbuzi komanso azimayi achuluka. Ine ndinaona kuti n'zomveka. Munthu wa Mulungu sumuletsa kusamba. Komanso mjigo unali kutali, madzi ankasenza okha, ine sindinkataya kalikonse. Chimene ndinangozindikira n'chakuti munthuyu anali waukhondo kwambiri. Birika lathunthu pa swala iliyonse, m'chaka chimene anthu ankasamba mosinthana masiku.

Chilimwe chitafika pachimake, nthaka ikuwotcha moti nyerere zinkayenda chonyang'ama, ndinakwera pa chulu m'mawa kukapukuta sola. Ndinaona timaso tobiriwira pa khungwa la mzati. M'munda monse muja, momwe chimanga chinakana, mawere anakana, nandolo akuchita kupempha, chinthu chokhacho chimene chinaganiza zophuka chinali mzati wanga.

Thukuta linandituluka la mtundu wina. Mkamwini aliyense amadziwa chifukwa chake sitibzala mitengo kwa eni. Mzati ndi katundu, ukhoza kuuzula n'kupita nawo kwanu. Mtengo uli ndi mizu, ndipo cha mizu n'cha mwini nthaka. Ndinathothola timasambato msangamsanga, ndipo posowa potaya pomwe anthu sangaone, ndinatidya. N'towawa. Mawa lake tinaphukanso, ndinadyanso. Koma mlombwa ndi mtengo wa miseche: ukaubudula umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Pasanapite nthawi mzati wanga unkaoneka ngati wamenyedwa ndi achifwamba, milomo yanga ili psuu, ndipo nthambi zina zinatulukira pamwamba pomwe dzanja silifika.

Uthenga unabwera kudzera mwa akazi anga kuti amayi akufuna tikambirane, pa chulu pomwepo, dzuwa likapepa.

Tinasonkhana. Apongozi anayala mphasa n'kukhala chondifulatira, monga mwa ulemu, akuyang'ana kumunda. Ana awo aakazi anakhala pambali pawo. Achimwene anakhala poteropo ndi birika lawo. Makasitomala anga, amene palibe anawaitana, anadzaza miyala yonse. Apongozi angawo masiku onse amayankhula Chiyao, koma tsiku limenelo analengeza kuti nkhani ikambidwa m'Chichewa, polemekeza mlendo wa ku Ulongwe kuti asadzati sanamve. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mayi awa ndi achilungamo.

Anayankhula kwa akazi anga, ine ngati palibe.

"Tawafunsa amunako. Paja anapempha kuzika kapena kubzala?"

Ndinayankha kwa akazi anga omwewo kuti ndinapempha kuzika, ndinazika, ndipo chimene chili apocho ndi mzati.

"Afunse, mzati wa masamba anauona kuti?"

Ndinali nditakonzeka. Ndinafotokoza kuti masambawo ndi mphamvu yotsalira chabe, monga nkhuku imathamanga mutu atadula. Ndinati mwinanso ndi netiweki yomweyo, chifukwa zinthu za makonozi palibe amene akuzidziwa bwinobwino. Ndinayankhula nthawi yaitali ndipo ndinayankhula bwino. Liwu limodzi lokha ndinkalizemba ngati minga. Mzati, nsanamira, chipilala, phaso, chinthuchi, onsewo ndinawatchula, koma liwu lija ayi. Ndinaona kuti anthu ayamba kugwedeza mitu, ndipo ngakhale msana wa apongozi unkaoneka ngati wafewa.

Pamenepo mayi uja wogubuduzika anatosa nkhani ina. Anati za masamba iye alibe nazo ntchito, chimene chikumuwawa ndi kambale. Kambale konse kaja ka ufa chifukwa cha mthunzi wochoka apa kufika apo? Ena anavomereza. Wina anati ndimasuntha miyala. Wina anati mthunzi wanga umathamanga kuposa wa anthu ena. Magazi anandikwera, ndinaimirira.

"Tamverani amayi. Njinga ndinagulitsa ndine, ku Balaka ndinapita ndine. Mtengo umenewu ndinauika ndine, ndipo palibe amene autsitse."

Apongozi anatsina fodya wawo, anaika kukamwa, anapukuta zala pa chitenje.

"Mwamva nonse," anatero. "Akuti mtengo."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndimanena mtengo wa malonda, osati wa masamba. Iwo anauza akazi anga kuti Chichewa si chiyankhulo chawo, iwo n'ngosaphunzira, amangomva zimene mwini chiyankhulo wanena ataimirira pansi pa chinthucho. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti m'Chiyao wa masambawo amati chitela, ndipo mawu awiriwa sangasokonezeke ngakhale munthu atakwiya chotani. Ndinayang'ana mayi wogubuduzika uja. Anali akuyang'ana kumwamba ngati akuyembekeza mvula.

Chigamulo sichinatalike. Mtengo uli m'munda mwawo ndi wawo. Kabokosi, sola ndi batire n'zanga, ndikafuna ndinyamule ndikapachike ku Ulongwe. Ndikafuna kukhala, ndipachike pa mtengo wawo monga wina aliyense. Mkamwini aliyense wa m'mudzimo amene ali ndi kabokosi apachike, ndipo kabokosi kalikonse kazipereka kwa iwo kambale kamodzi dzuwa likamalowa, kofanana kwa onse, posayang'ana kuti anayamba ndani. Kambale koyezera anasankha kanga kaja. Anati amva kuti ndi kambale wamba.

Ndinapempha chimodzi chokha, kuti poti ndinayamba ndine, kabokosi kanga kakhale kunsonga, ka achimwene pansi. Anakana. Anati wa pansi azidzadya zotsala, mawa adzabweranso kudzawasokosa. Onse akhale mulingo umodzi.

Tinayamba tamangirira kamtengo kopingasa kunsonga kwa nsungwi, kabokosi uku, kabokosi uku. Titatsika n'kuyang'ana m'mwamba tinapeza kuti taimika mtanda wautali kuposa wa tchalitchi chilichonse cha m'dera la Kawinga, pakati pa mudzi wa Asilamu. Achimwene anakhosomola. Ine ndine wa tchalitchi, koma ndinaona ndekha kuti tikuitana nkhani ina. Tinachotsa, n'kumangirira limu yakale ya njinga ya achimwene chogoneka, ngati lichero, timabokosi n'kumalendewera m'mphepete. Palibe wa pamwamba, palibe wa pansi. Mphepo ikawomba limuyo inkazungulira pang'ono, moti aliyense ankapeza nthawi yake yoyang'ana kuphiri.

Zimene ndinkaopa zinachitika mawa lake lomwe. Achimwene anayala mkeka mbali ina ya chulu n'kulengeza, ndi mawu awo ofatsa aja, kuti kwa iwo ndi theka la kambale. Anthu anga anasamuka ngati makoswe aja, kusiyana kwake n'kwakuti panalibe amene anatembenuka. Ndinatsitsa nanenso. Iwo anatalikitsa miyala yawo. Ndinatalikitsa yanga. Iwo anayamba kutchajira anthu mafoni ulere. Ine ndinayamba kujambula zithunzi zotumiza ku Joni, ndipo amene nkhokwe zawo zinali zisanatheretu ndinkawabwereka yanga. Nkhokwe imeneyo inajambulidwa kwambiri moti amuna a ku Joni anaizolowera, ena akamaimba ankayamba afunsa kaye kuti ili bwanji.

Koma kunena zoona, thumba langa linapepuka. Panali tsiku lina limene nditapereka kambale ka apongozi ndinatsala ndi mango osapsa okwana m'manja. Ndinayenda ulendo wochoka pa chulu kupita kunyumba pang'onopang'ono, ndikukonza mawu oti ndikawauze ana. Kunena kuti bambo anu anagonja ndi liwu limodzi la chiyankhulo chawo chomwe si nkhani yoti mwana angagone nayo.

Kunyumba ndinapezako akazi anga okha, akusoka. Moto sunasonkhedwe. Ndinafunsa za ana, iwo analoza ndi mlomo kunyumba kwa amayi awo. Ndinazemba kuseri kwa bafa n'kusuzumira. Pakhonde la apongozi panali zidzukulu zonse, anga atatu ndi a achimwene, atazungulira beseni la phala, aliyense supuni yake, apongozi ataimirira pambali ndi kamtengo koopsezera wothamangitsa dzanja. Timbale tija ankatiphatikiza, n'kuwonjezera nandolo wawo, n'kuphikira ana onse pamodzi. Akazi anga anati zakhala choncho kuyambira tsiku la chigamulo, kungoti ine ndimabwera maso ali pansi. Ndinafunsa ngati pa dongosolo limeneli akamwini aganiziridwako.

"Ndinawafunsa," anatero. "Akuti akamwini azidya masamba. Amva kuti mmodzi amawakonda."

Mango aja tinawaphika n'kudya awiri. Anakoma.

Kutsika kwa kambale kunabweretsa anthu amene kale ankangodutsa. Kunayamba kufika a midzi ina, a kumtunda kwa Kawinga, asodzi ofuna kudziwa kumene nyanja yafika, alimi a thonje ofuna kumva za misika, azimayi amene theka la kambale ankalikwanitsa koma lathunthu ayi. Wina anayamba kugulitsa makaka ophika patsinde pa chulu, wina kumeta. Netiweki ya achimwene inkakomoka kukachita mitambo, yanga inkakomoka Lamlungu masana pa zifukwa zimene mpaka lero sindizidziwa, ndiye anthu ankangosamukira mbali imene ikupuma. Sindinabwerere pa ulemerero wanga wakale, koma madzulo thumba linkakhala ndi kulemera koti munthu n'kulowa nako m'nyumba mutu uli m'mwamba.

Ine ndi achimwene tinayamba kugawana mthunzi. Tsiku lina ndinawaunikira kuti ife awiri tikupwetekana chabe, bwanji tigwirizane, tonse tibwezere kambale kathunthu tsiku limodzi, anthu alowera kuti? Iwo anaganiza, anasisita ndevu, anati nzeru imeneyo si yoipa. Tinayankhula motsitsa mawu, pafupi panalibe munthu, kupatula mbuzi imodzi. Dzuwa lisanalowe akazi athu onse awiri anafika ndi uthenga wofanana: amayi akuti amuna a mng'ono wathu akubwera kuchoka ku Joni mwezi uno, ndipo pa limu paja malo adakalipo ambiri. Nkhani ya kambale kathunthu inathera pomwepo. Mbuzi imeneyo sindinaikhulupirirenso.

Za birika ndinawafunsa kamodzi, tikudya mango. Ndinati achimwene, tili awiri pano, tandiuzani zoona.

"Ine ndinkangosamba," anatero. "Zophukitsa si ntchito yanga."

Ndinawasiya. Munthu amene amayankha choncho ungamutengere kuti?

Mvula inabwera mochedwa koma inabwera. Miyezi ya kumapeto ija, pamene chimanga chili m'munda chikukuyang'ana iwe n'kumachiyang'ana, ndiyo imakhala yowawitsa, ndipo ngakhale ku Joni kunayamba kuuma. Phala la pakhonde linachepa mphamvu mpaka supuni inkaoneka pansi pa beseni. Koma silinadumphe tsiku. Ndinkawerenga ana anga madzulo alionse akamabwera kuchokera kwa agogo awo, ndipo ankakwana, akukangana, zomwe ndi chizindikiro chabwino, chifukwa mwana wanjala yeniyeni sakangana ndi munthu.

Anthu amafunsa kuti njala imatha tsiku liti. A boma ali ndi njira zawo zodziwira. Ine ndinaiona ikutha ndi maso. Anali masana, maungu atayamba, tikudya pabwalo. Mwana wanga wotsiriza anatenga chibanthu cha dzungu, analuma, anachiyang'ana, n'kunena kuti ili si lotsekemera, akufuna lina. Anachiika pansi. Nkhuku inabwera, inachijompha, inachikokera poteropo. Ine ndinayang'ana akazi anga, iwo anayang'ana ine. Palibe amene anadzuka kukailanda. Nkhukuyo inadya mpaka kukhuta, kenaka kabawi atadutsa m'mwamba, inathawa.